Kang'ombe Kopanda Maso

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Bulawayoko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tili bwino, ndipo chifuwa cha amayi chija chinatha.

Nkhani ndi ya abambo. Chifereni ng'ombe yawo yapangolo ija, ankangokhala pakhonde osalankhula ndi munthu, mpaka tinayamba kuda nkhawa. Mwezi wathawu ndinakagulitsa mtedza ku Dzaleka, kuja kunali ndende, kumene tsopano kuli anthu othawa nkhondo. Kumeneko kuli bambo wina wa ku Rwanda wosema ziboliboli za nyama, ndipo ndinasinthana naye mtedza ndi kang'ombe kamlombwa. Kalibe maso, makutu ngakhale ziboda. Kali ndi msana wosalala, linunda ndi nyanga ziwiri zazitali basi.

Amayi atakaona anaseka. "Wakupusitsa mwana iwe, sanamalize kusema!"

Abambo anakalandira n'kukasisita kanthawi, kenaka anati, "Maso ndi a chiyani? Ng'ombe ikakhala kuphiri, inu mumaona maso ake? Mumaizindikira ndi msana. Munthu ameneyu anawetapo ng'ombe."

M'mawa mwake anatulutsa kasemasema wawo wakale. Panopa akusema mbuzi, akuti akuchotsa chilichonse chosafunika. Amayi akuti achotsa zambiri moti yatsala ndi mbatata, ndiye amangokhalira kutsutsana n'kumaseka.

Chonde mukapeza wobwera kuno, mutumize tchizulo ndi sandipepa. Akuti chiboliboli chachiwiri asemera inu, choncho konzekani kuchiyamikira ngakhale musadziwe kuti ndi nyama yanji.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Esinati