Mitima Iwiri pa Lamba Mmodzi

9 Malichi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti Ambuye akukusungani ndipo mwendo uja wasiya kuvuta. Kuno tili bwino.

Amayi, mundikhululukire, ndakhala ndikukubisirani nkhani. Ndili ndi pakati, ndipo pakula ndithu. Chipitireni padera chaka chatha chija ndinkaopa kukuliritsaninso, ndiye ndinagwirizana ndi mkamwini wanu kuti titseke pakamwa.

Lolemba mwana anasiya kusuntha. Tinathamangira kuchipatala. Anamwino anandigoneka n'kundimanga pamimba lamba wa makina omvera mtima wa mwana. Pagalasi la makinawo pankangotuluka mizere yokhotakhota ndi nambala, kasipika kakungoti fwaa ngati wailesi yosowa siteshoni.

Ndinafunsa, "Asisita, mwana alipo?"

"Makinawa samuona mwana," anatero. "Amamva zonse pamodzi: mtima wanu, kupuma kwanu, matumbo, ndi kamtima kake pansi pa zonsezo. Ndiye amayerekeza pomwe kugunda kotsatira kuyenera kugwera, n'kumvetsera, n'kudzikonza. Phokoso likachuluka amasiya kukhulupirira zomwe akumva, amangoyendera zoyerekeza. Nambala mukuionayi sindingaidalire."

Mantha anandigwira. Ndinayamba kupemphera monga munatiphunzitsira, mokweza, thupi lonse likunjenjemera. Mizere inasokonekeratu. Anamwino anasuntha lamba, anandipaka mafuta pamimba, koma ayi ndithu. Mkamwini wanu naye anali kuvomereza ameni atagwiritsa chitsulo cha bedi.

Kenaka anamwino anandiyang'ana. "Mayi, kodi Mulungu wanu ndi wogontha? Pempherani chamumtima. Inunso bambo, siyani kugwedeza bedi. Phokosoli ndi inu nomwe."

Amayi, kukhala chete kunandivuta kuposa kusala kudya. Ndinaluma mlomo n'kumapuma pang'onopang'ono. Mizere inayamba kufanana. Kenaka kasipika kanatulutsa kugunda kothamanga, kosaphonya. Anamwino anandigwira pamkono n'kumafananiza kugunda kwa mtima wanga ndi kwa m'kasipikako.

"Uyu si inu," anatero. "Uyu ndi mwini wake. Anangogona, waulesi ngati bambo ake."

Sanandilonjeze chilichonse. Akuti ndizipita sabata iliyonse mpaka nthawi itakwana, ndipo mantha sanathe. Chonde mubwere mwezi wamawa, musadikire kuti tikuitaneni mothamanga. Pakadali pano muzitipempherera. Inu muli kutali ndi makinawo, fuulani mmene mungathere.

Landirani moni wa mkamwini wanu, wa ine, ndi wa uyu amene ndamumva ndi makutu angawa.

Ndine,
Mzime wanu