Udzu wa Pamsewu

Roeselare, Novembala 1911

Okondedwa achimwene a Kamiel,

Ndikhulupirira muli bwino ku Amerikako pamodzi ndi ana. Kuno mvula siikukata, mbatatesi ikuwolera m'munda.

Mwafunsa za alamu anu a Remi. Buku lawo la ndakatulo linatuluka, koma bambo mfumu analidzudzula paguwa, basi palibe akuligula. Anansi amene ankawavulira chipewa anayamba kuwalambalala. Eni ake akulembabe buku lina, la nthano, ali chigonere, chifuwa osawapatsa mpata.

Mukukumbukira mmene ankakalipira ngolo zodutsa pamiyala ya mumsewu, ati zikuwathawitsira mawu? Dzulo adokotala atangotuluka, anansi omwewo anabwera n'kuyala udzu wa tirigu pamsewu wa pakhomo pathu, kuti ngolo zisamveke, monga tinachitira sabata lomaliza la moyo wa amayi.

A Remi anatchera khutu. "Leonie, kwati zii bwanji lero? Anthu a m'tauni muno ayamba kulemekeza olemba eti? Tabweretsa inki, ndimalize."

Ndinawabweretsera, achimwene, koma ndinayamba ndatseka makatani.

Mukamayankha, paenvulopu mulembepo dzina langa lokha.

Ndine mlongo wanu,
Leonie