Chisoso cha pamanda pa amayi

Achimwene a Raymond,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Bangwe tilipo.

Ndayambiranso kuumba. Mukukumbukira masamba a chisoso amene amayi ankadinda pa mbale zawo dongo lisanaume? Chisosocho chamera pamanda pawo. Ndinakathyolako ndekha osauza munthu, ndipo mbale zatuluka ngati aumba ndi iwowo.

Koma alandilodi, amake Eddie, anandiona ndikutuluka kumandako masamba ali m'manja. Mawa lake Eddie anadwala. Mbale imene ndinawapatsa amakewo ndinaipeza pakhomo panga itaswedwa, atawazapo mchere. Tsopano anyamata a m'dera lino akumaima pageti, osandipatsa moni.

Ngati muli ndi mnzanu amene angandipatse chipinda ku Machinjiri, ndiuzeni msanga. Mbale imene ndakuumbirani ndaikwirira kuseri kwa bafa; ndikukuuzani kuti mudzadziwe pokumba.

Ndine mlongo wanu,
Tiyanjane