Dzina limene a Fraser anafufuta okha

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumene muliko?

Kuno ku Glasgow tadzuka bwino. Ino ndi nyengo ija dzuwa limakana kulowa, moti Tiyamike amatsutsa tsiku lililonse kuti nthawi yogona sinakwane. Mdzukulu wanuyu watalika, mano akutsogolo aguluka, ndipo ndikamufunsa m'Chichewa amandiyankha m'Chizungu chakuno, chija munkati chimamveka ngati munthu akutafuna nzimbe. Ku Dedza achimwene Yohane akumba kachewere wambiri ngakhale mvula inadula msanga. Alamu anachira bwinobwino, mwana wamkazi, ndipo pa chithunzi ndaona kuti watenga mphuno yanu. Ine maungu amene ndinadzala kuseri kwa nyumba kuno ku Dennistoun angoyanga osabala. Tikungodya nkhwani.

Koma nkhani imene ndakusungirani ndi ya kuntchito. Munkauza anzanu a kutchalitchi kuti ndimakonza makompyuta, ine osakutsutsani. Zoona zake n'zoti gulu lathu limasamalira chiyankhulo chimene anthu amalembera mapulogalamu a pakompyuta. Kuyambira kale, nambala iliyonse m'chiyankhulochi inkakhala m'kabokosi ka msinkhu umodzi. Ikakula kuposa kabokosiko inkaduka mutu, n'kutsala yabodza. Ine anandipatsa ntchito yoti manambala azikula mmene angafunire, ngakhale atatalika kuchoka kuno mpaka ku Linthipe. Ndinali ndidakali pa nthawi yoyesedwa, ndipo chilolezo chathu chokhalira m'dziko muno chimadalira ntchitoyi. Ikanandikanika, tonse atatu tikanalongedza.

Masamu ake sanandivute kwenikweni. Chimene chinandisowetsa mtendere ndi dzina. Tili ndi timalamulo tifupitifupi, timati ma makro, timene timapisa m'kabokosi n'kutulutsa nambala. Kamodzi kankatchedwa INTVAL, ndipo kanali ponseponse ngati chisoso m'munda. Kale dzinali linkanena zoona, poti manambala anali a mtundu umodzi. Tsopano anali pawiri, aang'ono ndi aakulu, ndipo kalamuloka kakakumana ndi nambala yaikulu kankatulutsa zabodza kali duu, osadandaula n'komwe.

Tsiku lina m'nyengo yozizira ndinasinza m'sitima pochokera ku ofesi. Ndinakuonani m'golosale yanu ija ya pamsika, koma mawindo ake ankayang'ana mtsinje wa Clyde. Munavala juzi yobiriwira ija, mukupinda nambala yaitali ngati chitenje, iyo ikukana kutha, mbali ina ikulendewera pakhomo mpaka kuviika m'madzi. Mbalame za kunyanja zinatera pa sikelo yanu. Munangondiyang'ana monga munkachitira ndikachedwa kuchokera kusukulu. Ndinadzidzimuka sitima itapitirira siteshoni yanga, ndipo poyenda wapansi kubwerera ndinakumbukira zimene munkauza aliyense wokuthandizani kugulitsa: "Chitini chikasintha katundu, chisinthenso dzina. Kasitomala sanyambita asanagule."

M'mawa mwake ndinalembera gulu lonse kuti dzina lakalelo lichotsedwe, pabwere mayina atsopano onena poyera mtundu wa nambala imene akukatenga. Sindinadziwe kuti ndaponda mchira wa munthu. INTVAL analitcha ndi a Fraser, bambo wachikulire amene anatsala pang'ono kupuma pantchito, ndipo mawu awo palibe ankawatsutsa. Anayankha mwachidule: "Dzinali linayamba kugwira ntchito inu musanabadwe. Lisiyeni." Palibe amene anandiikira kumbuyo.

Kunyumba bambo a Tiyamike anandigwira dzanja. "Amake Tiya, ingowamverani akuluwo. Tisataye ntchito chifukwa cha tizilembo." Sanalakwe kuopa, nanenso ndinkaopa. Koma ndinkaganiza za munthu amene sindidzamuona, wodalira yankho la kompyuta yake, osadziwa kuti yamunamiza. Ndinawapempha a Fraser kuti tikumane awiri.

Anandiitanira ku Govan, dera lina la mzinda uno, m'kanyumba komwera tiyi pafupi ndi pamene bambo awo ankawotcherera zitsulo za sitima za pamadzi. Kunja kunkawaza kamvula kaja kosanyowetsa msanga. Sindinalalikire ayi. Ndinangotsegula laputopu, n'kulowetsa nambala yaikulu, n'kuitulutsa ndi INTVAL. Inatuluka ina, yochepera ziro. Anayang'ana nthawi yaitali mpaka tiyi wawo anazizira.

"Likunamadi," anatero. Kenaka anavula magalasi. "Koma mayina anu atsopanowa ndi njanji, mayi. Munthu wolemba dzina lotere tsiku lonse adzakutukwanani mumtima."

Ndinaseka, chifukwa ananena zoona: limodzi mwa mayina angawo linkadzaza theka la mzere. Tinakhala pomwepo mpaka mwini malo anayamba kukweza mipando, tikulemba ndi kufufuta pa kapepala kopukutira pakamwa. Tinagwirizana kuti dzina lililonse liziyamba ndi mtundu wa nambala, ndiye panabadwa SMALLVAL la manambala aang'ono ndi BIGVAL la aakulu. Kalamulo kamene kamapisa m'kabokosi kasanayang'ane zimene zilimo kazikhala ndi chilembo X kutsogolo, kuti wowerenga achenjere. Ine ndinkafuna dzina lakale lichoke tsiku lomwelo, iwo anakana. Anati kunjaku kuli anthu ambiri amene mapulogalamu awo atsamira pa dzinalo, ndiye liyambe lakhala kanthawi likuchenjeza aliyense wolitchula kuti likupita. Apanso anandiposa nzeru.

Tikutuluka anaima pakhomo kuyang'ana makina onyamulira zitsulo a pamalo popangira sitima paja, ataliatali ngati akadyamsonga mu nkhungu. "Pamene ndinkalitcha dzinali ndinali ndi tsitsi," anatero. "Nthawi ikakwana musalikhudze. Ndidzalichotsa ndekha."

Nthawiyo inakwana sabata yatha, Lachisanu, tsiku lawo lomaliza pantchito. Anandiitana kuti ndikhale pambali pawo. Anafufuta mzere wa INTVAL uja ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, n'kupukuta m'maso. Ine ndinayang'ana kumbali kuti ndisawachititse manyazi. Kenaka anauza abwana athu, onse akumva, kuti mbali ya manambala aisiya m'manja mwanga. Ntchito andilemba yokhazikika, amayi. Sitikulongedza. Ndinatuluka panja kuti ndikuimbireni, foni ndinaitulutsa ndithu m'chikwama, kenaka ndinangokhala pa benchi dzuwa likundiwomba kumaso.

Achimwene akuti chiliza chanu timange mvula isanayambe. Anditumizira mawu oti alembedwe pamwalapo, ndipo alemba kuti Make Yohane, monga mudzi wonse unkakuitanirani. Ndawauza kuti adikire. Ndibwera ndekha, ndi Tiyamike yemwe, ndipo ndidzaima pambali pa mmisiri mpaka atalemba dzina limene agogo anakupatsani, Esinati, kuti mdzukulu wanu aliwerenge mokweza ndi lilime lake lakunoli. Ili ndi lonjezo langa.

Gonani bwino, amayi. Ndimakukondani.

Ndine mwana wanu,
Mwandida