Dzina Lanu Pakamwa pa Akamwini

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira miyendo ija yayamba kupepuka. Kuno ku Woolwich tonse tili bwino, mwana wa mdzukulu wanu Tadala akuyamwa mwamphamvu.

Lamulungu tikukamubatiza, ndipo dzina ndi lanu lomwe, Joyce. Koma bambo ake, akamwini athu a ku Sweden aja, amati "Yoyce", poti kwawo J amamutchula ngati Y. Dzulo anandidandaulira kuti, "Amama, ndikalakwitse dzina la mwana wanga pamaso pa mpingo?"

Ndinawauza kuti azigunditsa kaye lilime kunkhama ngati akufuna kunena D, kenaka n'kulimasula. Anayesayesa atamunyamula mwanayo, mpaka dzina linatuluka bwinobwino, iwo misozi ili lengelenge.

Tsopano akufuna muwamve pafoni. Chonde musakhumudwe mukamva mkamwini akukutchulani dzina, alivutikira.

Ambuye akusungeni.

Ine mwana wanu,
Enelesi