Chitopa m'khola, Zulaikha m'njira

Lolemba, 6 Okutobala 2025

Bisimilahi. Ndine Mwamadi Saidi wa ku Kawale, wokhoma ndowa ndi mbaula, tsopano wopuma. Sukulu ndinalekeza sitandade 2. Cholembera chili m'dzanja la mkazi wanga Salama, mayi a Musa. Mawu ndi anga. Tapangana kuti azilemba monga ndanenera, osakometsa.

Ana anayi, onse amoyo.

Musa, woyamba. Makaniko wa mathiraki ku Kanengo. Nyumba yakeyake ku Area 25, mpanda wa njerwa.

Khadijah, namwino, amakhala ku Biwi. Anthu amati jakisoni wake sapweteka. Ine sindinayesepo ndipo sindikufuna.

Yaseen, telala. Makina atatu.

Zulaikha, mzime. Dokotala, koma wa mbalame. Anayambira ku Bunda, kenako ku Joni. Amafufuza matenda a mbalame za m'nyanja yamchere. Amazigwira, kuzipaka kathonje kukhosi, kuziveka mphete kumwendo, kuziwerenga. Mwana wa wokhoma ndowa.

Dzulo anaimba foni. Afika pa 24, masiku khumi okha. Akatero abwerera ku Joni kukakwera sitima ya pamadzi, ulendo wa ku chilumba chozizira. Kulibe mtengo, kulibe mudzi, mbalame zokhazokha. Kumeneko chaka chathunthu. Zaka zinayi sanaponde pakhomo pano.

Ku mzikiti ndauza kale aliyense. Ena ndawauza kawiri.

Lachitatu, 8 Okutobala

Tapaka laimu m'chipinda chake. Msana ukundiuza zaka zanga.

Nkhunda lero 36. Zonse n'zidzukulu za ziwiri zimene ndinabwera nazo kuchokera ku Malindi mu 1979, m'dengu, pamiyendo, basi yonse ikundiseka. Ndinalibe bedi, ndinalibe mkazi, koma khola ndinamanga sabata yoyamba.

Ana enawo nkhunda ankazikonda m'mbale. Zulaikha yekha ankazikonda zamoyo. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi ankakhala pa chidebe m'mawa, nthanga za bwemba m'manja, nkhunda imodzi nthanga imodzi. Ankaba ulusi wa mayi ake n'kumanga kumiyendo, wofiira zazikazi, wakuda zazimuna. Tsiku lina anandiuza kuti, “Ababa, yaimvi ija yasiya mwamuna wake.” Ndinayang'ana sabata yonse. Zinali zoona.

Ndinkamuuzanso za mphipi za kwathu, mbalame zakuda zomira m'madzi, zimene zinayeretsa miyala ya pachilumba ndi zitosi. Ankafunsa kuti zilipo zingati. Ndani anawerengapo mphipi? Anati iye adzawerenga.

Masana kunabwera Mayi Zipora a kuseri kuno, nkhuku m'khwapa, yoodzera. Anati, “Che Mwamadi, tizingireni msanga isanafe, kuti nanunso mulaweko.” Mumzere wathu uno wozinga ndine. Akhristu omwe amabweretsa kuno, pa ukwati, pa maliro, kuti tonse tidyere limodzi. Zaka makumi anayi. Nkhuku ikafa yokha kwa ife ndi haramu, yosadyedwa, ndiye yodwala timaithamangira. Ndinazinga pamalo panga pa nthawi zonse, pafupi ndi khola. Mpeni ndi manja ndinatsuka m'beseni la pomwepo.

Madzulo anatitumizira ntchafu. Yowonda.

Lamulungu, 12 Okutobala

Nkhuku za Mayi Zipora zatha zonse. Chitopa.

Kwanga nkhunda ziwiri sizinauluke. Nthenga zonyankhalala, zitosi zobiriwira. Ina khosi lapotoka, ikuyang'ana kumwamba ngati yaiwala pansi. Ndazizinga zisanafe. Mayi a Musa akana kuphika.

Zulaikha waimba pa vidiyo, wavala chijuzi pamene ife tikupsa. Amalongosola za ulendo. Akuti kuzilumba zina chimfine cha mbalame chinapha zikwizikwi, gombe lonse mitembo. Chilumba chimene akupitacho akuchisamala ngati khanda. Majombo amatsuka ndi mankhwala. M'matumba amapisamo kufuna ngakhale njere imodzi ya udzu. Ndiye pali pepala loti asayine, kulumbira kuti masabata atatu asanakwere sanayandikire mbalame yodwala, kaya nkhuku, kaya bakha. Ukayandikira, sitima ikusiya. Zaka ziwiri wakhala akudikira malo amenewa.

Kenako anati, “Nanga anzanga aja ali bwanji, Ababa? Ndikangofika ndiyambira kukhola, inu moni pambuyo.”

Ndinati zili bwino.

Mayi a Musa anandiyang'ana. Alembanso izi.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Zafa zisanu. Ndakwirira kuseri kwa bafa anthu asanadzuke. Zatsala 29.

Maunda awiri amasiye. Ndawadyetsa ndi pakamwa panga, mgaiwa wonyowetsa, monga ankachitira bambo anga.

Ndaganiza bwino. Masiku khumi alipo asanafike. Zodwala zidzakhala zitatha, zolimba zidzatsala. Ndidzasesa, ndidzathira phulusa. Nkhunda ya ku Kawale ndi mbalame ya kunyanja yamchere zikumana kuti? Mwana agone m'nyumba ya bambo ake. Chipinda tapaka kale. Anthu ndawauza kale.

Ndiponso mwina si chitopa n'komwe. Lembani kuti zikufa ndi kutentha kwa Okutobala, ndipo Zulaikha palibe chifukwa choti

Lamulungu, 19 Okutobala

Masiku anayi osalemba. Wolemba anakana.

Anaika cholembera pa tebulo nati, “Bambo a Musa, dzanja ili silinaphunzire kulemba bodza. Mukalifuna, lembani nokha.” Anatinso foni ali nayo, nambala akuidziwa, koma sauza mwana. Mwini khola ndi amene anene. Kuyambira pamenepo tiyi amangoika n'kuchoka.

Ndinayesa kulemba ndekha. Manambala ndimawatha. Ali m'mphepetemu, okhotakhota: 25, 22, 18, 16. Maunda aja anapita Lachinayi.

Lachisanu ku mzikiti, anzanga onse funso limodzi: adokotala afika liti? Wina anati abweretsa mwana wake wamkazi kuti adzaone kuti sukulu imafikitsa pati. Ndinangoti inshallah.

Dzulo ndinakhala pa chidebe cha Zulaikha chija. Ndinakumbukira chaka chimene kachiunda kanafa popanda chifukwa. Iye ali sitandade 4. Anatenga lezala n'kukang'amba kuti aone chimene kanadya. Anapeza kachidutswa ka waya wochokera pa ntchito yanga. Mayi ake anamukalipira chifukwa cha magazi pa yunifolomu. Iye anabwera kwa ine, kawaya pa chikhatho, nati, “Ababa, muzisesa mukamaliza.” Ndinasesa. Mpaka lero ndimasesa.

Mwana wotero ungamubisire khola lotsala theka? Adzawerenga asanavule chikwama. Ndiye adzakhala ataponda kale. Pepala lija lidzamudikira. Akanena zoona, sitima yamusiya chifukwa cha ine. Akanama, wanama chifukwa cha ine, ndipo chitopa cha Mayi Zipora chakwera sitima pa nsapato zake.

Chimene chinandimaliza n'china. Anandiuzapo za mbalame yaikulu ya kumeneko, mapiko ake kutalika kuposa chitseko. Mwamuna mmodzi, mkazi mmodzi, ngati nkhunda. Koma dzira limodzi pa zaka ziwiri. Limodzi. Zanga zimaikira awiriawiri chaka chonse, ndipo taonani sabata imodzi yandichita chiyani. Khola la dzira limodzi lingadzuke bwanji?

Ndauza mayi a Musa kuti mawa ndiimba. Ndi pamene anatola cholembera.

Lolemba, 20 Okutobala

Ndaimba. Ndinayamba ndi za mvula, kuti mitambo ikusonkhana. Mayi a Musa anatsokomola. Ndinanena zonse.

Ndinayang'ana foni. Ndinayesa mayunitsi atha.

Atayamba kulankhula sanali mzime wanga, anali dokotala. Yoyamba inadwala liti? Khosi linapotoka tsiku lanji? Zafa zingati patsiku? Mayi ake ankawerenga m'kope lino, tsiku ndi tsiku, ndi manambala anga okhota omwe. Atafika pa nkhuku ya Mayi Zipora anawaimitsa. Munazingira pati? Mpeni munatsukira muti?

Ndinati m'beseni.

“Beseni lomwe zimamwera, Ababa?”

Lomwelo. Zaka makumi anayi lomwelo. Sindinaganizepo. Ndimasamala kuti mpeni ukhale wakuthwa, kuti nkhope iloze ku kibula kumene timayang'ana poswali, kuti dzina la Mulungu litchulidwe. Za madzi palibe anandiphunzitsa.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anati zikuoneka ngati chitopa ndithu, koma aone ndi alangizi a ziweto. Zakufa zikwiriridwe mozama. Khola litsukidwe ndi mankhwala, beseni litayidwe. Kuzinga ndisiye kaye.

Kenako anati ku Kawale safika.

Ndinati chipinda tapaka laimu. Sindikudziwa chifukwa chake ndinanena zimenezo. Analira. Anati, “Ndikanalowa m'khola muja ndithu. Mukundidziwa.” Anatinso zikomo. Zikomo wa chiyani, kwa munthu amene wakhala ndi bodza masiku asanu ndi atatu?

Zatsala 14.

Lachisanu, 24 Okutobala

Wafika. Musa anakamutenga ku bwalo la ndege. Ali kwa Khadijah ku Biwi. Kuchokera pano wapansi ndimafika tiyi asanazizire. Sitinapite. Zulaikha akuti ife awiri tichoke kaye pano, tisambe, tivale zina, tikhale masiku angapo kutali ndi khola. Pamenepo ndiye atigwira dzanja ndi mtima uli m'malo.

Mayi a Musa aphika mandazi amene amawakonda, kenako akumbukira kuti sangatumize chochokera pakhomo pano. Adya ana a Mayi Zipora.

Alangizi abwera pa njinga yamoto, a Gordon. Aona, avomereza. Katemera wa dontho m'diso kwa zimene zikuoneka zolimba. Ine kugwira, iwo kudonthetsa. Anati, “Madala, mwana wanuyo wandiimbira katatu. Ndimayesa ndikulemba mayeso.” Ndinawauza kuti ndi mzime wanga. Ndinawauzanso za enawo.

Zatsala 11. Kuyambira Lachitatu sipanafe ina. Yaimvi imodzi ilipo, ya mtundu wa zoyamba zija.

Mayi Zipora anabwera kudzapepesa, atagwada pakhomo. Ndinati dzukani mayi, mpeni unali wanga, beseni langa. Amuna awo a Yohane avomera kudyetsa nkhunda ife tikachoka. Ndawaonetsa muyeso, chitini chimodzi m'mawa. Ndawaonetsa katatu mpaka anati, “Che Mwamadi, ndinaleraponso ana ine.”

Masana mayi wina anabwera ndi tambala wa alendo. Ndinamubweza. Koyamba chibwerereni ku Lilongwe. Anaima pageti osamvetsa, tambala akupalapata. Mawa mzere wonse udzakhala utamva. Umve. Ndawauza a Yohane kuti aliyense wofunsa amuuze zoona, ndi za beseni zomwe.

Lolemba, 27 Okutobala

Ku Area 25, kwa Musa. Tinafika dzulo.

Tinasamba, tinasiya zonse. Mkanjo watsopano wosoka Yaseen, manja atalika pang'ono, sindinamuuze. Nsapato zatsopano zikuluma. Kofia yanga yakale yatsala pa msomali.

M'mawa nditaswali ndinatuluka panja mwachizolowezi. Bwalo la simenti. Palibe kulira kwa nkhunda, palibe mapiko pa malata. Ndinaima ngati mlendo wosochera basi. Mpongozi anandibweretsera mpando.

A Yohane aimba: 11. Akuti ziwiri zayamba kutola timitengo.

Zulaikha waimbanso, Biwi ndi Area 25 ngati maiko awiri. Akuti kuchilumba ali ndi ufulu wotcha dzina mbalame imodzi imene adzayambe kuiveka mphete. Wafunsa dzina. Ndati ndiganize, si nkhani yothamangira. Wandiseka. Kuseka kwake sikunasinthe.

Pa masiku khumi, anga ndi awiri. Ndadzichepetsera ndekha. Anyamuka pa 3, pepala lake adzasayina popanda bodza.

Mayi a Musa, apa lembani zilembo zazikulu, Musa ajambule atumize kwa onse.

LOWERUKA, PA 1 NOVEMBALA, KWA MUSA KU AREA 25, IKATHA SWALA YA MASANA. Ana onse, apongozi, zidzukulu, ndi a ku mzikiti amene ndinawalonjeza. Mpunga, mbuzi, nyemba. Chamapiko ayi. Amene ali ndi nkhuku kwawo asambe, asinthe zovala. Pageti padzakhala beseni latsopano la mankhwala, aliyense aviike nsapato. Ndidzaima pomwepo ndine, ndipo woyamba kuviika ndine.