Miyala ya ku Dambe Yagulidwa

Dambe, Mchinji

Wokondedwa mwana wanga Dyna,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wako kumeneko ku Karonga, pamodzi ndi amuna ako ndi adzukulu anga. Ine kuno ndili bwino. Bondo lija lilipo, koma mwezi uno layiwala kupweteka.

Dzina la Eneya, atsibweni ako, sindinalilembepo chichokereni ku Mkanda. Lero ndalilemba.

Iwe unali wamng'ono, mwina zina sukumbuka. Amayi ako Stelia atamwalira, tisanamete n'komwe, Eneya anaimirira pakati pa anthu nanena kuti mkamwini ndi tambala wobwereka, thadzi likafa amabwerera kwawo. Nyumba ija njerwa ndinaumba ndekha. Chigafa cha fodya ndinazika ndekha. Ndinachoka ndi khasu ndi mphasa, inu ana mukulira, iye akuti ndinu mbumba yake. Kumanda anandiletsa, ati mlendo alibe chake kumeneko. Mpaka lero sindinapondeko.

Kuno kwathu anandipatsa munda wa pachitunda, wamiyala yokhayokha. Makasu amene ndinathyolera pamenepo ukanatsegula nawo sitolo.

Tsono imva, mwana wanga! Kwabwera anthu okonza msewu. Anayenda minda yonse, anakumba apa, anakumba apo, mapeto ake akuti miyala yabwino ili kwa Lufeyo. Ine! Miyala yomwe ija inkandisekesa kwa anthu. Magalimoto akuitola tsiku ndi tsiku, ndipo ndalama zalowa kubanki ku boma. Kuchuluka kwake sindilemba, makalata amadutsa m'manja ambiri. Ungodziwa kuti nditamva ndinapempha mpando.

Abale atuluka ngati ngumbi mvula itagwa. Wina akuti gulani minibasi, woyendetsa ndine. Wina akuti kwatirani, mukufa ndi mphepo. Kunabweranso mnyamata wa tayi, akuti ndikaika ndalama zanga mufoni mwake zibereka zinzake mwezi usanathe. Ndinamufunsa kuti ngati ndalama zimaswana chonchi kwanuko, bwanji mwabwera pa kabaza? Sanatsanzike.

Amene wanditsegula maso ndi a Yakub, ogula mbewu pa Kamwendo. Ndinakhala pakhonde la sitolo yawo kuyambira m'mawa, iwo akuyeza matumba, ine ndikufunsa ngati mwana wa sukulu. Akuti mu Meyi aliyense amabwera ndi soya nthawi imodzi, wina akufuna fizi, wina mchere, wina wadwalitsa, ndiye mtengo umagona pansi. Pofika Novembala nkhokwe zauma, opanga mafuta ophikira ndi chakudya cha nkhuku akusaka soya ngati mankhwala, mtengo wadzuka. Akuti iwo salima ngakhale mzere umodzi, ntchito yawo ndi kudikira basi.

Dyna, zaka zonsezi ndinkayesa kuti mtengo amautchula ndi mwini sikelo. Kani umatchulidwa ndi changu cha wogulitsa! Ndinaseka ndekha panjira mpaka amayi ena anandipatuka.

Koma anandichenjezanso. Akuti chaka china ku Zambia amakolola zambiri, mbewu n'kumalowa kuno, mtengo osakwera. Chaka china amaletsa kutulutsa mbewu kunja, matumba n'kukuwolera m'nyumba. Ndiye ndalama zija ndazigawa. Zina zikhale kubanki osazigwira, za matenda. Zina ndinagula soya ndi mtedza mtengo ukadali pansi, zili m'chipinda pamwamba pa mitengo kuopa chinyezi. Zina malata, chifukwa udzu ndatopa nawo. A Rozi, aphunzitsi a pasukulu ya kuno, akuti munthu utha kugulanso kachigawo ka kampani ya ku Blantyre, akuti masheya, n'kumalandira phindu uli pakhomo. Ine ng'ombe imene sindinaione mano sindigula. Iwe sukulu unapita nayo patali, undifotokozere m'Chichewa, ndikamva ndiyesa pang'ono.

Tsono nkhani yeniyeni ndi iyi. Lamulungu lapitali ndinangoona njinga ikulowa pabwalo, nkhuku itamangidwa kumbuyo. Eneya! Wakalamba, mano atha. Anayamba ndi alamu, alamu, dzina limene sanandiitanepo ngakhale mlongo wake ali moyo. Akuti fodya wake sanagulidwe bwino, feteleza alibe, mvula ili pafupi. Akuti zakale ndi zakale, iwe ndi mlongo wako Cyprian ndinu magazi ake ndiponso anga, ndiye tonse ndife nyumba imodzi.

Ndinamupatsa mpando. Nkhuku ndinalandira, inali yonona. Ndinamuuza kuti tambala wobwereka sayankha msanga, ayambe waganiza. Anaseka kuseka kouma, maso ali pansi.

Ukuona? Lero wachangu ndi iyeyo, wodikira ndine. Koma sindikunamiza, mwana wanga, ine sindine thumba la soya. Kudikira kwanga kuli ndi malire, ndipo sindidziwa ngati dzinja linalo lidzandipeza.

Iwe ndiwe mbumba yake, mawu ako amawamva, makamaka pano pamene umamutumizira ya sopo. Umuimbire foni. Umuuze kuti feteleza ndimugulira, wobzalira ndi wobereketsa womwe, sindidzamufunsa kubweza. Nyumba ija akhale nayo, chigafa chinagwa kale.

Changa ndi chimodzi. Anditsogolere yekha kumanda a ku Mkanda, masana dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukuona. Andilozere pamene anagona amayi ako, chifukwa ine mwamuna wawo mtumbira wawo sindingauzindikire. Ndimange chiliza cha simenti, ndipo palembedwe kuti Stelia Naphiri, mkazi wa Lufeyo Mbewe. Mawu amenewo awawerenge iye mokweza. Akakana, alime chimanga chake ndi manyowa a mbuzi.

Undiyankhe mvula isanagwe, simenti sigwirizana ndi madzi.

Upereke moni kwa amuna ako, ndi kwa adzukulu anga uwauze kuti agogo awagulira nsapato, angotumiza miyezo ya mapazi. Cyprian ndamulembera payekha. Mulungu akusunge pantchito yako ya kuchipatala, akupatse mphamvu ndi mtima wofatsa kuposa wanga.

Ndine bambo ako,
Lufeyo Mbewe